Njanji ya ku Nayuchi yomwe ndinaisandutsa mtsinje

Aphunzitsi aakulu atandipatsa ntchito yojambula mapu a Malawi pakhoma la sukulu yathu, ndinathamanga kukauza aliyense kudoko la Kachulu. Ine wopenta maboti, lero ndijambule dziko lonse!

Anandilangiza momveka kuti mitsinje ikhale ya buluu, njanji zonse zikhale zofiira. Ndinayamba ndi changu, kuchokera ku Nsanje, kudzera ku Limbe ndi Salima mpaka ku Mchinji, burashi ikungovina. Pofika pa njanji yopita ku Nayuchi, penti yofiira inali itatha. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuviika burashi m'chitini cha buluu.

Tsiku loonetsa makolo, anthu anaomba m'manja, ine mano onse panja. Kenaka a Nampinga, msodzi wachikulire wa kwathu, analoza mzere uja ndi ndodo.

"Achimwene, mtsinje wowongoka chonchi ndi uti? Ine sindinaponyemo ukonde."

Aphunzitsi aakulu anandiyang'ana osaphethira. M'malo movomera, ndinakhosomola n'kunena kuti, "Uli kumpoto uko, bambo. Muli milamba yonenepa."

Mpaka lero a Nampinga akandiona amafunsa tsiku loti tipalase njinga tikauone, ine ndimangoti madzi sanadzaze.