Pansi pa Galaja ya Mkamwini

Mkamwini wanga atagula galimoto yakutha ku esiteti ya nzimbe, anati khumbi langa la nkhuni likhale galaja. Ndinangovomera. Kukana kukanabala mafunso, ndipo masiku amenewo mafunso sankachedwa kufika kwa a chipani.

Pakona ya khumbilo ndinali nditakwirira chitini cha makalata a mwana wanga wamwamuna. Iyeyo anathawira kutsidya kwa malire kudzera ku Marka, atamunenera kuti wanyoza boma pamowa. Kupezeka ndi kalata ya munthu wotero kunali kokwanira kukunyamulitsa. Kuwotcha ndinalephera. Kufukula ndinaopa, pakuti mayi woyandikana nane maso ake ankakhalira pabwalo panga. Ndinkangofuna chimodzi: pansipo patsekedwe kamodzi, pasadzakumbidwenso.

Mkamwini ankafuna simenti yopyapyala, pamwamba utoto wofiira wam'chitini.

"Uziwala, amayi, ngati kunyumba za mabwana."

"Uwala miyezi ingati, bambo? Makande a kuno kwa Ndamera amang'aluka chilimwe, dzinja amatulutsa chinyezi. Utoto usupuka ndi matayala otentha, simenti isweka, muyambe kukumba."

"Amayi, munaphunzira liti zomanga?"

"Ndazira pansi zaka zambiri kuposa zanu zobadwa."

Ndinaumirira zanga. Osakumba, koma kukweza ndi miyala, ndinati chifukwa cha madzi osefukira. Simenti yochindikala. Mtundu wofiirawo ukhale okisaidi wa ufa, wosakaniza m'simenti yapamwamba momwemo, woti ngakhale upalidwe ukhalebe wofiira. Ndinagulitsa mbuzi zanga kuti zitheke.

Mmisiri anali wa mpingo wathu, n'chifukwa chake ndinamuyang'anitsitsa. Ndinakhala pa matumba a simenti kuyambira m'mawa, dzuwa likuwotcha mpaka m'mafupa.

"Mayi, mukuwafungatira ngati mazira? Saswa anapiye amenewo."

"Inu chepetsani mchenga. Fosholo imeneyo yapitirira."

Atayandikira pakona paja ndi khasu kuti asalaze, ndinati pamenepo ndasalaza kale ndekha. Anandiyang'ana. Inenso ndinamuyang'ana mpaka anatembenuka.

Kenako sabata yathunthu yothirira. Ndinafunditsa pansipo masaka, ndikutunga madzi ndekha, mtsuko ndi mtsuko, chifukwa mwana wanga wamkazi ndinkamudziwa, akanawaza pamwamba n'kunena kuti wathirira. Msana wanga unathera pamenepo. Galimoto sindinailole kulowa mpaka mwezi utatha, mkamwini akung'ung'udza tsiku ndi tsiku.

Galimotoyo inafa kalekale, nkhuku zimaikiramo. Madzi analowa m'galaja kangapo n'kutuluka. Pansipo mpaka lero palibe ndi mng'alu womwe.

Zinthu zitasintha, anthu atayamba kulankhula mosatsitsa mawu, mwana wanga wamwamuna uja sanabwere. Tsiku lina onse atapita kudimba ndinatenga munsi n'kumenya pakona paja. Unangodumpha. Ndinamenyanso mpaka mapewa anakana, osachoka ngakhale kachibenthu. Kuti ndiitane munthu wa nyundo, ndiyenera kumuuza chifukwa, ndipo sindinapezebe woti ndimuuze.

Ndiye ndimangokolopa Loweruka lililonse. Adzukulu amadabwa kuti pakona pamawala kuposa pena ponse.