Zala za Mayi a Pasaluni

Mayi a pasaluni anaphunzira kuluka tsitsi ali mtsikana, pakhonde pa azakhali awo. Atakwatiwa anapeza kachipinda kuseri kwa shopu ya mafoni, momwe munali galasi long'aluka pakona, mipando iwiri ndi wailesi yokonda kulira yokha. Ankadziwika ndi liwiro: kasitomala asanamalize kudandaula za apongozi ake, mutu unkakhala utatha.

Vuto linabwera mwakachetechete. M'mawa zala zinkadzuka zotupa, zouma gwa, chipeso n'kumapulumuka m'manja. Anayesa madzi ofunda, anayesa mafuta opaka, koma ayi ndithu. Amuna awo, osoka nsapato mumsewu womwewo, ndiwo anawakokera kuchipatala.

Adokotala atayeza magazi anawauza kuti mdani sanachokere kunja. Maselo oteteza thupi ndiwo ankalimbana ndi mfundo za zala zawo. Anafotokoza kuti m'maselomo muli kapuloteni kotchedwa enzayimu, kamene kamalandira uthenga pakhomo pa selo n'kukadzutsa majini, malangizo amene selo limatsatira. Majiniwo akadzuka, selo limakonzekera nkhondo. Mwa mayiwo uthengawo unkangopitabe, pomwe nkhondo kunalibe.

"Ndiye kuti akazi angawa ali ndi wamiseche m'magazi," anatero amuna awo.

Adokotala anaseka, n'kunena kuti ntchito ya mapiritsi ndi kumutseka pakamwa wamisecheyo. Koma anachenjeza kuti chitetezo cha thupi chichepa mphamvu, choncho asamayandikane ndi odwala chifuwa.

Kutupa kunaphwa pang'onopang'ono ndipo anabwerera pantchito, ngakhale liwiro lakale silinabwerenso. Tsiku lina kunafika aphunzitsi ena opuma ntchito, kasitomala wawo wa kalekale, akutsokomola mpaka misozi. Mawa lake mwana wa aphunzitsiwo ankakwatiwa. Mayi a pasaluni anaima ndi chipeso m'manja, mtima uli pawiri.

"Pepani amayi, lero sindikugwirani mutu. Mukachira ndidzabwera kwanu ndekha."

Anayesa kufotokoza za mankhwala, koma aphunzitsiwo anangotola chikwama chawo n'kutuluka osatsanzika. Mayi a pasaluni anatsala akusesa pansi posesedwa kale. Madzulo amuna awo anati anachita bwino, thupi sabwereka, koma mawuwo sanawafike pamtima.

Patapita milungu anamva kuti chifuwa chija chatha, ndipo ananyamuka monga analonjezera. Anawapeza aphunzitsi akuthirira maluwa, mutu utalukidwa kwina. Moni unali wouma poyamba. Kenako aphunzitsi anayang'ana zala za mlendo wawoyo n'kufunsa ngati zikupwetekabe. Iwo anati m'mawa mokha, makamaka kukazizira.

Aphunzitsi analowa m'nyumba n'kutulutsa mpando ndi zithunzi za ukwati. Anaziona chimodzichimodzi, akuseka jekete la mkwati limene linali lalifupi manja. Za tsitsi sanakambe. Dzuwa litapendeka aphunzitsi anawaperekeza mpaka pamsewu, akufotokozabe za mvula imene inabalalitsa alendo keke isanadulidwe.