Nkhumba za pa Bolodi ndi Mbuzi za Ba Daka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chowerenga Mawu m'tchalitchi. Nditamaliza Giredi 12 ndinakhala pakhomo ku Kanakantapa, kuthandiza amayi kuthirira repu kudimba, ndipo Lamlungu ndinkaima kutsogolo kuwerenga ndime ya tsikulo. Mayi Sakala, amene ankayendetsa kasukulu ka makolo kuseri kwa chigayo, anandiimitsa titaweruka mapemphero. Anati munthu wodziwa popumira m'chiganizo angathe kuphunzitsa ana. Wapampando wa komiti ya makolo, Ba Daka, anandigwira chanza nati andiyesa temu imodzi. Akakhutira ndikhala, akapanda kukhutira ndibwerera ku repu.

Anandipatsa Giredi 4, bokosi la choko, dasta ya nsanza ndi bolodi la simenti lopaka utoto wakuda. Mabuku anali ochepa, choncho nkhani zambiri ndinkapeka ndekha n'kuzilemba pa bolodi. Anawo ankatchula mawu onse bwinobwino ngati kwaya, koma ukawafunsa zimene awerengazo, onse ankayang'ana malata.

Mayi Sakala anandionetsa njira yawo. Uwerenge kaye mokweza, uime pa mawu ovuta, uwamasulire. Zimene ukuganiza uzinene pakamwa, ana amve mmene wowerenga amadzifunsira mafunso. Kenako mufunefune yankho pamodzi, ndipo pomaliza mwana ayese yekha. Yankho lililonse mwana aloze mzere umene walitengamo.

"Yankho lopanda chala si yankho," ankatero.

Ine ndinaona ngati zachikale. Msuweni wanga amene ankaphunzira uphunzitsi ku Chalimbana anali atandiuza pa siteji kuti ana saumbidwa ngati njerwa: uwaike m'magulu, uwapatse nkhani, adzipezere okha tanthauzo. Anayamba kunenanso zimene mphunzitsi ayenera kuchita kaye, koma minibasi inafika ndipo zotsalazo anapita nazo. Sindinadandaule. Ambuye analonjeza kuti wofunafuna adzapeza, ndipo ine ndinatenga lonjezolo ngati dongosolo la phunziro.

Tsiku lina Mayi Sakala atapita ku msonkhano ku Chongwe, ndinalemba nkhani ya bambo wina amene sankatsekera nkhumba zake m'khola. Zinalowa m'munda wa mnansi wake n'kufukula mbatata. Atafunsidwa anakana, chonsecho anali atathothola yekha kholowa pakamwa pa nkhumba n'kumubisa m'thumba. Pansi pake ndinalemba funso limodzi: nkhaniyi ikunena za chiyani? Sindinawerenge, sindinamasulire kanthu. Ndinagawa anawo m'magulu n'kupinda manja.

Phokoso lake! Ana amene sanatsegulepo pakamwa chiyambire temu anali chiimire, akuloza ndi manja cha kumadimba. Ndinathokoza Mulungu mumtima kuti mafupa ouma a m'Baibulo aja ayamba kugwedezeka.

Woyamba kupereka zimene gulu lake lapeza anali Chisomo, kamnyamata kokhala benchi lakutsogolo.

"Ba madamu, tapeza. Ni Ba Daka."

Magulu onse anavomera. Ndinawakumbutsa kuti nkhaniyo ikunena za nkhumba, pamene Ba Daka amaweta mbuzi. Chisomo anandiyang'ana mondimvera chisoni, nati akudziwa kuti ndasintha dala kuti mwiniwake asazindikire. Wina anawonjeza kuti abusa nawonso amatero: amati "panali munthu wina," ndipo mpingo wonse umatembenuza khosi. Gulu lina linali litapeza kale ndi mwini munda yemwe. Esinati, mdzukulu wa Ba Daka, anaimirira misozi ili mbwembwembwe, nati mbuzi za agogo ake zimangodya m'mphepete mokha. Pofika madzulo nkhani inali itafika kuchigayo, ndipo ikafika kumeneko imatuluka m'matumba onse.

M'mawa mwake ndinapeza njinga ya Ba Daka itatsamira khoma la sukulu. Anali atavala jekete la misonkhano, ndipo Mayi Sakala anali chiimire pambali pawo.

"Ine nakulembani nchito, imwe mwanilemba pa bolodi?" anandifunsa Ba Daka. Anati komiti ikhala tsiku lomwelo, ndipo repu akundidikira.

Ndinapemphera pemphero la Yona, lalifupi komanso lochokera pansi kwambiri. Mayi Sakala sanakweze mawu. Anati nkhaniyo ikadali pa bolodi, ndiye ndi bwino ba cheyamani a komitiwo alowe adzimvere okha asanaweruze. Kenako ananditembenukira n'kunena kuti ndiphunzitse monga anandionetsera.

Ba Daka anakhala pa benchi la ana, mawondo ali pachifuwa. Ndinawerenga mokweza. Pa chiganizo chilichonse ndinkaima n'kunena zimene ndikudzifunsa: munthuyu watchulidwa dzina? Chiweto chake n'chiyani? Ndadziwa bwanji? Ndinaitana Chisomo kuti aike chala pa dzina la Ba Daka. Anayenda mzere ndi mzere mpaka pansi, anabwereranso pamwamba, chala chinayera ndi choko, dzina osalipeza. Mbuzi nayonso inasowa. Ndinafunsa chimene chikuonetsa kuti bamboyo ankadziwa mlandu wake. Esinati anabwera n'kuloza mzere wa kholowa wa m'thumba. Ndinasangalala kuposa dzulo lake. Pamenepo ndinawalola kukambirana awiriawiri, ndipo anapeza okha kuti chiweto chikalakwa mlandu ndi wa mwini, ndiponso kuti bodza limaonjezera mlandu wachiwiri.

Ba Daka anadzuka movutikira, nagwedeza jekete. Analengeza kuti dzina lawo lapezeka loyera pamaso pa mboni zonsezi, ndipo mphunzitsi apitirize ntchito. Akanangotuluka pomwepo zikanatha bwino. Koma atafika pakhomo anatembenuka.

"Koma ba madamu, mukalembanso muikemo kuti uja wa munda nayenso mpanda wake unali wowola. Mbuzi siiziwa malire."

Chisomo, amene anali asanabwerere pamalo pake, anaika chala pa mzere woyamba mwaulemu wonse.

"Ni nkhumba, ba cheyamani."

Mayi Sakala anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi n'kutuluka panja. Ba Daka anakwera njinga osatsanzika. Sabata lomwelo mbuzi zawo zonse zinaoneka zili pa zingwe, ndipo palibe amene anafunsa chifukwa.

Ndakhala m'kalasi zaka zambiri kuchokera pamenepo, ndipo magulu sindinawasiye. Ndinangophunzira nthawi yake. Ndimakumbukira nduna ija ya ku Itiyopiya imene inkawerenga mneneri m'galeta, mawu onse ikutchula bwino koma osamvetsa, mpaka Filipo anakwera n'kukhala pambali pake. Atayenda limodzi kamtunda, ndunayo ndi imene inaona yokha madzi oti ibatizidwiremo. Choncho ndimakwera kaye m'galeta, tiwerenge pamodzi, chala chili pa mzere. Mwana wosiyidwa yekha nayenso amapeza ndithu, monga Ambuye analonjezera, koma kawirikawiri amapeza mnansi wake.