Dengu la a Esinati

Izi sindinauzepo munthu. Mu ofesi ya esiteti muli chithunzi cha bambo akumwetulira, dengu lodzaza tiyi lili kumsana. Bamboyo ndine, koma dengulo si langa. Ndinali kapitawo, sindinathyolepo ngakhale tsamba limodzi. Mzungu wa kamera atafika, ndinalanda dengu la a Esinati, mayi amene ankathyola kuposa onse, n'kuwauza kuti, "Pitani uko, thukuta lanulo liipitsa chithunzi."

Ndinalowa sukulu ya kwacha ndili ndi imvi kale. Tsiku lina ndinawerenga ndekha mawu a m'munsi mwa chithunzicho: "Wantchito wakhama."

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka kwa Goliati, kumene a Esinati ankakhala, kukapepesa. A Esinati anandiyang'ana n'kufunsa, "Akapitawo, dengu lija layamba kukulemerani lero?"