Chala Chosalala cha ku Mgodi

Ine, nkhalamba ya ku Chipadze, ndinkakhulupirira kuti kompyuta ya boma simvera mkazi. Nditapita kukatsimikiza kuti ndikadali moyo, kuopa kuti penshoni ingaime, makina a kalaliki wamkazi anakana chala changa, chimene miyala ya mumgodi inasalaza kalekale.

"Mwanawe, kaitane mwamuna!" ndinakuwa.

Mwamunayo anabwera, anayesa, analephera, n'kubwerera ku tiyi wake. Mtsikana uja anandigwira dzanja. "Sekuru, agogo anga, tapukutani chalachi pamphumi." Kathukuta kanathandiza, makina anandizindikira. Ndinatuluka osathokoza, ndikutsokomola dala.

Usiku nkhaniyi ndinaisimba ngati nthabwala, koma mayi akunyumba sanaseke.

"Bambo, anzanu onse ali kumanda. Wakugwirani dzanja chaka chino ndi mwana yekhayo. Ngakhale ine ndinasiya."