Misomali ya a Venansio

Ku Ndirande kuno mbiri imathamanga kuposa minibasi yopanda mabuleki. Ya a Venansio, akalipentala opanga mabokosi a maliro kumunsi kwa msika, inali yakuti ndi okhwima. Akuti kuseri kwa shedi yawo kuli thabwa la mbawa, ndipo Lolemba lililonse m'mawa amakhomapo misomali. Msomali umodzi, munthu mmodzi. Akakhoma itatu, konzekerani maliro atatu sabata imeneyo, mabokosi ayende.

Thabwalo lilipodi, misomalinso ilipo, yopitirira mazana anayi. Kungoti onyamula mbiriyo anakwera basi yolakwika.

A Venansio anabadwira ku Bangwe, makolo awo ochokera ku Mozambiki. Sukulu anatsanzikana nayo mu Sitandade 5, n'kugwira sowo ndi hamala mpaka lero imvi mbuu. Akazi awo atamwalira, anatsala ndi mwana mmodzi, Olive, amene ankalembera homuweki pamwamba pa bokosi losagulidwa. Mtsikanayo anali ndi mutu woti aphunzitsi ankatuluka thukuta akangokweza dzanja. Lero ali ku Ulaya, dokotala wosabaya jakisoni. Ntchito yake ndi kuwombanitsa tinthu tochepetsetsa m'chipaipi chachikulu cha pansi pa nthaka, n'kulemba zimene zatulukamo. Tinthu take toti kafumbi ka utuchi pafupi nato ndi phiri la Ndirande.

Olive anawauza bambo ake kuti kumeneko munthu samuyeza ndi galimoto kapena mimba. Ukalemba pepala la kafukufuku, ophunzira anzako akamalemba awo n'kutchulamo lako, ndiye kuti ntchito yako yagwira. Lamulungu lililonse amawatumizira pafoni kuti amutchula angati. Koma foni a Venansio saikhulupirira, poti ina inawathawa m'minibasi ya ku Limbe pamodzi ndi mauthenga onse. N'chifukwa chake munthu aliyense akatchula pepala la Olive, iwo amakhoma msomali umodzi pathabwa lija. Thabwa ndani angalipise m'thumba? Tsiku lina anazulapo misomali isanu ndi iwiri atamva kuti pamenepo Olive anadzitchula yekha. "Kudziwombera m'manja wekha sikuwerengedwa," anatero.

Mbiriyo ankangoiseka, mpaka inadzagunda ubatizo. Thom, mnansi wawo wowotcherera zitsulo, anawasankha kuti akaimirire khanda lake kutchalitchi. Mkuluyo anasoketsa jekete sabata yomweyo, poti mdzukulu wawowawo alibe, Olive amangoti dikirani kaye. Ndiye apongozi a Thom, mayi Emily, anakanitsitsa: mwana asagwiridwe ndi manja okhoma anthu. Thom atabwera nawo uthengawo akuyang'ana pansi, a Venansio anagwira sowo tsiku lonse osadula kanthu.

Lolemba m'mawa mayi Emily anamukoka Thom kuti akaone yekha. Anawapeza kuseri kwa shedi, hamala m'manja, msomali wina pakamwa.

"Eya, takupezani! Lero mukukhoma angati, bambo a Olive?" anafunsa mayiwo.

"Awiri, mayi. Wina wa ku Japani, wina wa ku Brazil."

"Mayo ine! Mwafika mpaka kunja?"

Thom anaseka mpaka kukhalira bokosi la eni ake. A Venansio sanaseke. Analavula msomali uja, n'kuimbira Olive pa vidiyo. Mtsikanayo anatulukira atavala chisoti cholimba ngati wa pamgodi, nafotokoza zonse m'Chinyanja cha pa Ndirande pomwe pano, n'kuonetsa mndandanda wa amene atchula mapepala ake.

Mayi Emily anayandikitsa nkhope pafoni. "Ndiye anthu onsewa akukudziwa iwe? Olive wamamina uja?"

"Ine sandidziwa, amayi. Akudziwa ntchito yanga."

Mayiwo anasisita mitu ya misomali ija, ina yadzimbiri, ina yonyezimira. Kenako anatambasula dzanja. "Bweretsani hamalayo, wa ku Brazil ndikhome ine." Anaukhoma mokhota, koma unalowa.

"Loweruka musachedwe kutchalitchi, jeketeyo musite," anatero pobweza hamala. "Koma inunso bambo, zaka zonsezi anthu akukutchani okhwima, osatsegula pakamwa?"

A Venansio anawongola msomali wokhota uja, n'kuloza denga.

"Anandifunsa ndani? Ndikanapha anthu mazana anayi ine, bwenzi shedi ino ikudontha chonchi?"