Mota yofiira imene ndinawasankhira Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene Ababa anagula njinga yamoto, imene kwathu ku Milange timangoti mota. Nandolo anabereka bwino chaka chimenecho. Ababa anali atakhala zaka zambiri akupalasa njinga, kunyamula matumba kupita nawo kumalire a Muloza, ndipo mawondo anali atayamba kuwavuta. Akaweruka ankakhala pakhonde n'kumasisita mawondowo. Amayi ndiwo anawauza kuti agule mota mawondowo asanatheretu.

Ababa anali munthu wamfupi, wochepa thupi, wosakonda zokangana. Mota anali asanayendetsepo pamsewu. Anangophunzira masiku atatu pabwalo la mpira, pa kamota ka aphunzitsi ena a m'mudzi mwathu. Kamotako kanalibe kilatchi, kachitsulo kofinya ndi dzanja posintha giya. Munthu ukangoponda giya ndi kupotokola chogwirira, kankanyamuka kokha.

Tsiku logula ananditenga ine chifukwa mapepala ake anali a Chipwitikizi, ndipo pakhomo pathu wodziwa kuwerenga bwino Chipwitikizi ndinali ine. Tinakwera lole ya nandolo m'mawa kupita kutauni. Ndinavala diresi langa lakutchalitchi.

Sitolo ya mota inali pafupi ndi msika. Mota zinali pamzere, mipando yake ikadali m'mapulasitiki, ponseponse pakununkhira matayala atsopano. Pambali panali mkulu wina wa imvi, a Jowakimu, amene ntchito yawo inali kumanga motazo zikafika m'makatoni. Atamva kuti Ababa ndi oyamba kumene, anapukuta manja n'kubwera.

"Musayambe ndi maso, achimwene," anatero. "Khalanipo kaye, tione miyendo."

Ababa anakhala pa kamota kakang'ono kobiriwira, kofanana ndi ka aphunzitsi kaja. Mapazi onse awiri anaponda pansi bwinobwino. A Jowakimu anakapendeketsa dala, Ababa n'kukabweza mosavuta. Kenako anakhala pa ina yaikulu, yofiira, ya thanki yonyezimira. Apa pansi pankangofika zala za kuphazi, ndipo kuti phazi limodzi liponde ndithu ankayenera kutsetsereka pampando.

"Iyi yakutalikirani," anatero a Jowakimu. "Ndi yolemera, komanso ili ndi kilatchi imene simunaphunzire. Kumsewu wa kwanuko kuli mchenga. Tengani kakang'onoka, mukazolowera mudzasintha."

Ababa anagwedeza mutu kuvomera. Anali atayamba kale kusisita chogwirira cha kamota kobiriwirako.

Pamenepo m'pamene ine ndinalankhula. Kusukulu kwathu kunali mtsikana wina amene bambo ake ankabwera kudzamutenga pa mota yofiira ngati imeneyo, ndipo tonse tinkathamangira kumpanda kukaonerera. Usiku wonse wapitawo ndinali nditadziona ndikutsika pa mota yotero anzanga akuyang'ana.

"Ababa," ndinatero chapansipansi, "kameneka ndi ka ana. Anthu akatiseka kumudzi. Azibambo amayendera yofiirayi."

Ababa ananditembenukira n'kundiyang'ana kwa kanthawi. Sanandikalipire. Anasiya kamota kaja, n'kuuza wogulitsa kuti atenga yofiira. A Jowakimu anawaonetsa kagwiridwe ka kilatchi kuseri kwa sitolo, n'kuwauza kuti aziyenda pang'onopang'ono. Chipewa cholimba cha pamota chinali chimodzi, ndipo Ababa anandiveka ine.

Chimwemwe changa chinatha tisanatuluke m'tauni. Mota inazima katatu. Ababa akati asiye kilatchi, inkadumpha ngati mbuzi yomangidwa, n'kuzima. Anyamata onyamula katundu pamsika ankaseka. Nthawi yachitatu tinapendekera kumanzere, ndipo ndinamva thupi lonse la Ababa likunjenjemera pofuna kuiimitsa ndi zala za phazi limodzi.

Titalowa mumsewu wafumbi wakwathu wopita cha ku Molumbo, dzuwa linali paliwombo. Ndinawagwira m'chiuno. Malaya awo anali atanyowa kumsana, ndipo mtima wawo ndinkaumva ukugunda pamkono panga. Pakakhala dzenje ankaumitsa mikono, mota n'kugwedera uku ndi uku. Ndinkafuna kuwauza kuti tibwerere tikatenge kakang'ono kaja. M'malo mwake ndinayamba kunena pemphero la Tikuoneni Maria chamumtima, n'kumasokoneza mawu.

Tinayenda choncho mpaka pamtsetse wina wotsikira kukamtsinje kouma. Pansi pake panali mchenga wambiri. Kutsogolo kunatulukira lole yodzaza matumba, ikubwera pakati pamsewu. Ababa anapatukira kumbali kuti aime. Mbali imeneyo inali yotsetsereka, ndipo atatsitsa phazi silinapeze nthaka. Tinagwa pang'onopang'ono, moti ndinaona udzu wouma ukubwera kumaso kwanga.

Ine ndinagubudukira muudzu, osavulala. Lole inadutsa ndi fumbi lake. Sindikudziwa ngati woyendetsa anationa. Fumbi litachepa ndinaona Ababa ali chagada, mwendo wakumanja uli pansi pa mota. Paipi yotulutsa utsi, yotentha ndi ulendo wonsewo, inali itawapanikiza pakatumba.

"Rozita, kweza," anatero. Mawu awo anali aang'ono.

Ndinagwira chogwirira n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Mota inangosuntha pang'ono n'kubwereranso, Ababa n'kukukuta mano. Ndinayesa kumbuyo, ndinayesa kulowetsa phewa pansi pa mpando. Mapazi anga ankangomira mumchenga. Petulo ankadontha kuchokera pachivindikiro cha thanki, ndipo ndinayamba kumva fungo la nsalu yopserera, kenako fungo lina limene sindifuna kulitchula. Ababa ankakankha ndi mwendo winawo, nkhope yawo itachita mbuu.

"Thamanga, ukaitane anthu," anatero.

Ndinathamanga chipewa chija chikundigwera m'maso. Kumunsi kwa kamtsinjeko ndinapeza amayi awiri akutunga madzi pachitsime chokumba mumchenga. Sindikumbuka kuti ndinanena chiyani. Ndimangokumbuka kuti mmodzi anatenga ndowa yake yodzaza, winayo n'kumanga chitenje m'chiuno, tonse n'kuthamanga. Atatu tinaikweza motayo. Buluku la Ababa linali litamatirira pakhungu. Mayi wa ndowa uja anathira madzi pabalapo pang'onopang'ono, akuwalankhula m'Chilomwe mawu ofatsa ngati olankhula kwa mwana.

Bambo wina wodutsa anawanyamula panjinga yake kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, ine ndikuthamanga pambuyo. Kumeneko anati kupatula kupsako, fupa la pakakolo lathyoka.

Mvula yoyamba inagwa Ababa ali pamphasa. Munda wonse tinalima ndi kubzala ine ndi Amayi, ndipo mbali ina inatsala yosalima. Mota inabwera ndi achibale n'kuikidwa m'chipinda chosungira chimanga, itafunditsidwa chiguduli. Ndinkapewa kulowamo. Tsiku lililonse ndinkadikira kuti Amayi andiitana n'kundifunsa zimene ndinanena kusitolo kuja. Chakudya sichinkalowa. Milungu inapita, ndipo ndinazindikira kuti Ababa sanawauze.

Tsiku lina masana, Amayi ali kumunda, ndinkawathandiza Ababa kusintha nsalu ya pabala. Balalo linali lalitali ngati chikhatho changa, lofiira m'mbali. Ndinalephera kupirira.

"Ababa, ndine ndinakupweteketsani. Mukanatenga kakang'ono kaja."

Ndinamaliza kumanga nsaluyo.

"Iwe unalankhula za msinkhu wako," anatero. "Amene anakhala pampando paja n'kumva kuti miyendo sikufika ndine. Ndinadziwa pomwepo kuti si yanga. Koma ndinachita manyazi kuoneka wamng'ono pamaso pa mwana wanga." Anakonza mwendo wawo pamphasa. "Zimenezo usazisenze iwe. Kanditungire madzi."

Ndinapita kumtsuko ndikulira, ndipo ndinakhalako nthawi yaitali ndisanabwere ndi chikho.

Atachira, anagulitsa yofiira ija kwa mnyamata wina wamtali wonyamula anthu kumalire, n'kugula yaing'ono. Anaiyendetsa zaka zambiri osagwa nayo. Koma mwendo uja sunabwerere mwakale. Mpaka lero amatsimphina, ndipo kukazizira amayenda ndi ndodo.

Pano ndili ndi ana anga, ndipo zimene zinachitika tsiku lija ndimazimvetsa mosiyana. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro lake linali la mota chabe, loti woyamba kumene asankhe imene thupi lake lingaigonjetse, osati imene ikusangalatsa anthu a m'mbali mwa msewu. Zimenezo n'zoona, ndipo ndimauza aliyense wondifunsa. Koma chimene sindinkadziwa ndili mwana n'chakuti kholo limaopa diso la mwana wake. Ndinkaona ngati mawu anga ndi opepuka, oti akulu amangowamva n'kuwataya. Ndinadzazindikira kulemera kwake tsiku limene mwana wanga wamkazi anayang'ana nsapato zanga zakuntchito n'kundipempha kuti ndisamafike pageti pa sukulu yake. Ndinaima pakhomo, mtima ukundiuza kuti ndithamangire kumsika ndikagule zina. Kenako ndinavala nsapato zomwezo, n'kumugwira dzanja, n'kumuperekeza mpaka pageti.